Kukunkha m'Munda wa a Majombo

Kale ndithu, inu musanaganiziridwe n'komwe, amayi anu Eneless akadali kamtsikana kotuwa miyendo ku Tsangano, ine ndinatsala pang'ono kuthamangitsidwa m'dziko lino chifukwa cha mbatatesi. Eya, mbatatesi zomwe mukusendazi! Takondwa, ika foniyo pansi, mbatata sisendedwa ndi dzanja limodzi. Limbani, wandifunsa kuti havesiti imene alengeza kutchalitchi pa Chichewa timati chiyani, ndipo ndakuona ukulongedza zitini za nyemba zogula kusitolo kuti ndizo ukapereke. Khala pansi mdzukulu wanga, funso lako ndi lalifupi koma yankho lake lili ndi matope mpaka m'mawondo.

Ine sukulu ndinangoinunkhiza. Aphunzitsi anatembenuka kuti alembe pa bolodi, pocheuka anapeza ndafika kale kudimba. Koma mawu a kumunda musandiyese. Azungu ali ndi liwu limodzi lokha, havesiti, ndipo amalipachika katundu yense ngati minibasi ya pa Lizulu, kabichi momwemo, tirigu momwemo, ngakhale nsomba akuti amachita havesiti. Ife ayi. Chimanga timakolola, ndipo mmene ndimaganizira ine, liwulo linachokera poti Chauta amachikoleka pa phesi monga mukolekera jekete pa msomali, iwe n'kubwera kudzachikolola, thyo! Mbatata ndi mtedza timakumba, nyemba timazula, mpunga timamweta, therere timathyola, uchi timafula. Ukakanena kwathu kuti ndikukakolola mbatata, ndi agalu omwe adzagwa chagada n'kuseka. Nyengo yake yonseyo ndi masika, miyezi ija munthu wowonda ngati mpini wa tsache ankatuluka masaya awiri. Ndipo Sabata la masika kutchalitchi silinali la zitini zanuzi ayi, anthu ankabwera atasenza madengu, maungu aakulu ngati mutu wa Limbaniyu, wina nkhuku yamoyo. Abusa akuti, "Abale, titseke maso," tambala pansi pa benchi, "Kokoliriko!" mpingo wonse mapewa kugwedezeka, amen osamveka.

Koma pali liwu lina lakumapeto, limene linandiika m'madzi otentha, ndilo kukunkha. Mwini munda akatha kukolola, zotsalira zonse, kachimanga kobisala m'mapesi, kambatata kamene khasu linakalumpha, zinali za aliyense, makamaka amasiye ndi amene mvula inawakana chaka chimenecho. Ndipo panalibe zofunsana, munda wokha unkanena kuti ndatha: mapesi agona, ngolo yapita ulendo womaliza, mbuzi ndi ng'ombe zamasulidwa zikungoyendamo, akhwangwala atera. Lamulo linali limodzi, ndipo mulimve bwino. Wokunkha ankalowa dzuwa likuwala, akuimba mokweza, kuti mwini munda amve ali kwawo kuti muli anthu ndipo sakubisala. Wakuba ndiye ankayenda chinunu, chifuwa chikam'gwira ankachimeza.

Tsono ine ndafika muno m'Dublin, andiika mu hositelo ya anthu odikira mapepala owalola kukhala m'dziko muno. Inu simukudziwa, munabadwa mapepala ali kale m'kabati. Ife masiku amenewo kugwira ntchito osaloledwa, kuphika osaloledwa, kungodya, kugona, n'kumayang'ana mvula pa windo. Manja angawa anafewa mpaka ndinkachita nawo manyazi popereka moni. Ndipo tsiku ndi tsiku mbatatesi, zophika, zokazinga, zopondaponda ngati phala la mwana. Kwathu timazitcha airishi, ndinazilima moyo wanga wonse ku Tsangano osadziwa kuti Airishi ndi anthu, eni dziko linoli, ali ndi mphuno ndi makutu!

Mu hositelomo aliyense ankakuuza chinthu chimodzi: "Mayi, dzina lanu lisakalembedwe kwa a Garda." A Garda ndi apolisi akuno, mukuwadziwa. Ankati dzina likangolembedwa pa mlandu, nkhani yako ya mapepala yada, ndege ikukudikira. Ndipo ine ndikanabwezedwa, amayi anu sindikanawaitanitsa, inu bwenzi pano muli ku Tsangano mukuthamangitsa mbuzi, kapena kulibeko n'komwe, poti bambo anuwo anakumana nawo pa basi ya ku Ongar kuno. Choncho ndinkayenda mwaulemu woopsa. Nyali ya pamsewu ikafiira ndinkaima ngakhale kulibe galimoto mpaka ku Cork kutali kuja. Ndikaona wa Garda patali ndinkayamba kumwetulira akadali kadontho.

Kutchalitchi ndinapeza mnzanga, amake Tisa, mayi wa ku Chipata ku Zambia, wosamalira okalamba, wokhala ku Crumlin, mapepala ake ali bwinobwino ndipo Chingerezi chikuchita kuterera. Sabata la masika litayandikira anandiona nkhope yagwa, poti ine mlimi weniweni ndinalibe ngakhale kanyemba kamodzi kokapereka. Ndiye akuti, "Amai, musankhale so monga nkhuku yodwala. Mailo nili pa off, tiyende ku Skerries mukaone nyanja."

Mawa lake, poti mailo pa chinyanja chawo ndi mawa, tinakwera sitima. Nyanja ndinaiona, madzi otuwa, mphepo yofuna kukuchotsa duku pamodzi ndi mutu womwe, ndinati zikomo ndaona. Koma maso anga anali atatsalira kwina, poti sitima isanaime ndinali nditaona minda, dothi lakuda lotipulidwa kumene. Ndinawakoka amake Tisa, tinatuluka m'tauni, tinatsata kamsewu ka mipanda ya zitsamba, mpaka tinafika pa geti lotsegula. Ana inu! Munda wonse mbatatesi zili mbwee pamtunda, zoyera, zonenepa, ina yaikulu ngati mwana wobadwa kumene. Munthu palibe. Akhwangwala atera, pamodzi ndi mbalame zoyera zaphokoso za kunyanja zija.

Ndinawerenga munda monga ndinaphunzirira: geti lotsegula, dothi lotembenuzidwa, mbalame zikudya, mwini wapita. Ndinagwira pakamwa. "Amake Tisa, azunguwa Mulungu adzawalanga. Zotsalira zokha zonsezi?"

"Amai, kuno si kumunzi," akutero amake Tisa akuyang'ana uku ndi uku. "Niyopa ine. Tiyeni ku sitima."

"Mukuopa chiyani? Kwanu ku Chipata simukunkha?"

"Tikunkha, koma ku Chipata kulibe ba Garda."

Ine ndamasula kale chitenje chapamwamba, ndachiyala pansi, ndawerama. Aa, msana unalira ndi chimwemwe! Dothi lozizira kulowa m'zikhadabo, fungo lija la munda, ndinamva ngati ndatsika basi kwathu. Ndipo poti ndine munthu wolongosoka, woleredwa bwino, ndinakumbukira lamulo. Ndinakweza mutu, ndinatsegula kukhosi, ndinayamba nyimbo. Inu mukudziwa mawu anga, pa kwaya amandiimika kumbuyo pafupi ndi khomo. Tsiku limenelo ndinawatulutsa onse. Mbalame zinauluka, ng'ombe za munda wachitatu zinasiya kudya, ndikhulupirira ndi asodzi omwe pa doko anavula zipewa.

Amake Tisa anandithamangira. "Amai! Mufuna dziko yonse imvele?"

"Ndicho cholinga chake! Mukufuna atiyese akuba? Thirirani mang'ombe, inu!"

Ndipo poti nawonso ndi mwana wa kumudzi, nyimbo inawagwira m'miyendo, anayamba kuvomera, uku akuponya mbatata m'chikwama chawo cha kuntchito. Tinaimba, tinatola, chitenje chinatupa.

Kenaka tinamva thirakitala. Inalowa pa geti ikukoka ngolo ya mabokosi, ndipo inatsika nyama ya munthu, wamtali ngati mlongoti, nkhope yofiira ngati phwetekere wa pa Lizulu, majombo ofika m'ntchafu. Dzina lake lenileni lilipo, koma ine ndimati a Majombo mpaka lero. Kumbuyo kwawo galu wakuda ndi woyera. Akubwera chonchi, taonani, miyendo tang'a, manja m'mwamba: "Warara-rara! Hwarara-rara-rara Garda!" Chingerezi cha alimi akuno sichili ngati chanu cha kusukulu, chimatuluka ngati njinga yamoto yokana kulira. M'zonsezo ine ndinatolamo liwu limodzi lokha lomalizalo, ndipo foni inali kale m'manja mwawo.

Amake Tisa akunong'ona, "Manje mwaona? Akamba ati bantu bamubela maningi chaka chino, alema. Azaitana ba Garda."

Maningi kwawoko ndiye kuti kwambiri. Anayesa kuwapepesa m'Chingerezi, kuti mayiwa ndi achilendo, akudikira mapepala, chonde. A Majombo akungopukusa mutu, chala chili pa foni. Ndinaona kuti pakamwa pa mnzanga sipakwanira, ndinati ndilankhule ndekha ndi thupi. Ndinasanduka mwini munda, kukumba, kusenza, kupukuta thukuta, kutsazika munda ndi dzanja, bayibayi. Ndinasanduka khwangwala, kudumphadumpha, khwaa, khwaa! Ndinasanduka mbatata yosiyidwa, kugona m'matope, kufwamphuka, kuwola, lilime kunja. Kenaka nkhalamba yosauka, kutola, kuimba, kuthokoza kumwamba. Galu anakhala pansi n'kupendeketsa mutu. A Majombo pakamwa yasa. Amake Tisa akumasulira mofulumira za mwambo wathu, kuti mwini akamaliza zotsala ndi za osauka.

A Majombo anangonena mawu ochepa, n'kuloza kuseri kwa mpanda. Ndinasuzumira. Chimakina chachikulu chokumbira mbatatesi, chachikulu ngati tchalitchi, chitatitimira m'matope mpaka m'mimba.

Amake Tisa anandiyang'ana ndi maso a maliro. "Amai, akuti sanasilize. Sanayambe na kuyamba."

Kusiliza pa chinyanja chawo ndiko kumaliza. Nkhani yake inali yotere: chimakina chija chimakumba n'kunyamula chokha, koma mvula inachimiza. Ndiye bamboyo anatulutsa kamakina kachikale ka malemu bambo ake, kongofukula n'kumwaza mbatata pamtunda kuti anthu atole ndi manja, n'kupita kukatenga mabokosi. Amene anamulonjeza kudzathandiza sanabwere, ndipo chisanu chinali m'njira. Chisanu ndimachidziwa, ku Tsangano chiliko, mbatata ikagona panja imadzuka ili madzi okhaokha. Zimene ine ndinkati zotsalira zinali zokolola zenizenizo za munthu, chaka chake chonse chili pansi.

Ana inu, apo nthabwala zinandithera. Pa lamulo lakuno ndinali wolakwa, koma pa lamulo lakwathu lomwe ndinkalinyadira lija ndinalinso wakuba, wakuba woimba! Kwathu wolowa m'munda wosatha anali ndi njira ziwiri, kupita kubwalo kukaweruzidwa, kapena kutsala momwemo kugwira ntchito ya mwini mpaka ithe. Sindinadikire kumasulira. Ndinanyamula chitenje changa, ndinakhuthula zonse m'bokosi la a Majombo, gubudu! Ndinalanda chikwama cha amake Tisa, gubudu, mpaka kalipisitiki kawo kanagwera momwemo. Ndinatenga ndowa pa ngolo, ndinaima pa mzere woyamba, ndinawerama.

A Majombo anasuzumira m'bokosimo. Kenaka anatembenuka, anaika foni pakhutu, n'kumapita cha ku geti akulankhula. Mphepo inatenga mawu onse.

"Aimbira ndani?" ndikufunsa mutu uli pansi.

"Sininamvele, amai."

"Ndiye tolani. Akabwera atipeze tili ndi ndowa m'manja."

Ndinatola ngati mmene sindinatolerepo chibadwire. Manja osaoneka, ndowa kudzaza, kukhuthula, kudzaza, galu poyesa kunditsata ndi maso anachita chizungulire n'kugwa. Limbani usaseke, unalipo iwe? A Majombo anabwerera, anatenga ndowa yawo, anaima mzere wa pambali panga. Ndipo musawaone kutalika, munthu uja amatola! Ndikasuzumira ali patsogolo, ndikalimbikira ndawapitirira, iwo "hmf," andipitiriranso. Amake Tisa kumbuyo akubuula, "Ambuye, off yanga!" Koma khutu langa lonse linali kumsewu, galimoto iliyonse ikadutsa ndinkacheuka.

Ndiye inabwera. Galimoto yoyera, ikuyenda pang'onopang'ono, n'kuima pa geti penipeni. Za a Garda ndi zoyeranso. Ndinaweramuka, ndinakonza duku kuti pa chithunzi cha kupolisi ndikaoneke bwino, ndinati, "Amake Tisa, mukamulembere Eneless, mukamuuze kuti mayi ake anayesetsa." Chitseko chinatseguka. Kunatuluka mwendo, wovala silipasi. Kenaka kamayi kakafupi konenepa, fulasiki kukhwapa, dengu m'manja, kakukalipa kasanatseke n'chitseko chomwe: "Nyenye-nyenye-nyenye!" Chimunthu chija cha majombo chinafota ngati bonongwe wa dzulo. Amake Tisa anayamba kuseka mpaka anakhala pansi m'matope. "Ni bakazi bake! Bakuti, iwe chimutu, azimai agwila nchito mu mphepo, ukuniuza manje kuti nibwelese tiyi?"

Tinakhala pa mabokosi, tiyi wamkaka wotentha, buledi wabulauni wopaka batala wochindikala ngati njerwa. Mayi aja anali mphunzitsi wopuma, ndipo atamva za kukunkha anafuna kudziwa mawu athu onse, ine kutchula, amake Tisa kumasulira, iwo kuyesera, "ku-ko-lo-la," ngati akumeza mbatata yotentha. Ndi amene anandiuza, Limbani, kuti liwu lanu la havesiti makedzana silinkanena ntchito ayi, linali dzina la nyengo, miyezi ino masamba akamayoyoka, ndipo pambuyo pake ndi pamene linasamukira pa ntchito ndi pa mbewu zomwe. Ndinati ndiye masika athu amenewo! Anatinso pa Chiairishi ndi chimodzimodzi. Takondwa, Okutobala pa Chiairishi cha kusukulu kwanu mumati chiyani? Eya, chimenecho, chondithyola lilimecho. Akuti kumasulira kwake ndi kutha kwa masika, ndipo Seputembala ndi pakati pa masika. Mwakhala mukuloweza chaka ndi chaka osadziwa kuti mukunena za kumunda.

Ndinalimba mtima, ndinati amake Tisa afunse ngati a Garda akubwerabe. A Majombo anameza buledi, anakanda m'chipewa, n'kuyankha mwa njinga yamoto yawo ija. Akuti nambala anali atayamba kale kuidina. Koma akuti chibadwire akuba awaona ambiri, sanaonepo wakuba woitana mwini munda ndi nyimbo, nyimbo yakenso yoipa chotero. Yoipa! Ndinafuna kukwiya, koma ndinakumbukira mapepala, ndinati yes, bwana, very bad.

Tinatola mpaka dzuwa kupendeka, mabokosi onse anadzaza, chisanu chinapeza munda uli mbee. Anatulutsa chikwama kuti atilipire, ine ndinadumpha chammbuyo ngati ndaona njoka, poti kulandira malipiro kunali mlandu winanso. Ndiye anatisenzetsa thumba la mbatatesi, lolemera moti m'sitima anthu ankatipatsa malo poganiza kuti tanyamula wodwala. Mawa lake ndinadzuka thupi lonse lili ngati andipuntha ndi musi, kutsika masitepe chokhala.

Koma tisananyamuke, pa geti paja, a Majombo anatola thumba lopanda kanthu, analimangirira pa chitsulo cha geti, analoza thumbalo, analoza munda, analoza ine. Amake Tisa akuti, "Bakuti kuno kulibe mbuzi zokuuzani. Mukaona saka pa geti, ninshi basiliza, ngenani mukunkhe. Ngati palibe saka, munkhale panja." A Majombo anawonjezera kena, akazi awo n'kuwamenya paphewa. Akuti kuimba ndi kosakakamiza.

Dzina langa silinalembedwe paliponse. Mapepala anachedwa, anachedwa, koma anabwera, ndinaitanitsa amayi anu, anakwera basi ija, ndipo mapeto ake ndi inu muli apa mukusenda mbatata mochindikala ngati muli ndi munda wanu. A Majombo anakalamba, miyendo inawakana, munda akulima ndi mwana wawo, koma chaka chilichonse chimakina chikatuluka, thumba limamangidwa pa geti.

Choncho adzukulu anga, inu mudzayenda maiko oposa amene ndayenda ine, ndipo mwina tsiku lina mudzapita kwathu komwe, kumene mudzakhale alendo ndinu. Mwambo umene mwanyamula ndi wabwino, musautaye, koma maso anu anaphunzira kuwerenga minda ya kwina. Mukafika pa geti la eni, ngakhale lili lotsegula, ngakhale mbalame zatera, imani kaye, mupeze mwini wake, mufunse kuti kodi mwamaliza? Kufunsako sikutenga nthawi.

Zitinizo kaperekeni, Mulungu sakana nyemba. Koma amake Tisa aimba m'mawa uno kuti adutsa ku Skerries, thumba lili pa geti. Loweruka muvale nsapato zoipa. Takondwa adzanyamula ndowa, Limbani chitenje, ndipo kuimba mundisiyire ine.